Tsiku Limodzi pa Doko la Chipoka

Amalawife tikati tikupita kunyanja timakhala tikunena zinthu zitatu: kusamba, kudya chambo ndi kujambulitsa. Pa tsiku la anakubala ngakhalenso pa Khirisimasi, msewu wotsika kuchokera ku Lilongwe umachita kuthithikana ndi magalimoto, onse ataloza mphuno ku Senga Bay. Dzuwa likapendeka anthu aja amabwerera kwawo mchenga uli m'makutu, nsomba zili lendelende kutsogolo kwa galimoto. Zimenezi n'zabwino ndithu, ndipo ife a ku Salima timadyera pomwepo. Koma ndi angati mwa alendo amenewa amene akafika pa boma la Salima amakhotera kummwera kuti akaone Chipoka? Anzanga ndikawafunsa funso limeneli amandibwezera linzake: "Kodi ku Chipoka kuli chiyani?" Ndalemba nkhani ino kuti ndiwayankhe.

Ulendo wake udayamba ndi mlendo. Kuntchito kwathu kudabwera mtsikana wa ku Japan, mmodzi mwa achinyamata ogwira ntchito mongodzipereka amene dziko lawo lakhala likutumiza kuno kuyambira m'chaka cha 1971. Chichewa adachigwira msanga, ndipo pa nkhani yosakaniza "l" ndi "r" tidapezana kuti ndife pachibale. Tsiku lina tikumwa tiyi adandiuza kuti kwawo ndi ku Nagasaki, mzinda wakale wa padoko.

"Bambo," adatero, "ndaona pa mapu kuti m'dziko muno njanji imakumana ndi nyanja pamalo amodzi okha. Mungandiperekeze kuti ndikaone?"

Akuluakulu adati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Alendo ena amafunsa za mvuu ndi ng'ona, uyu ankafunsa za doko.

Kwathu dzina loti Chipoka sitilitchula mwachisawawa. M'zaka za m'ma 1950 agogo anga aamuna adakwerera sitima pamenepo, mayi anga ali kumsana, kupita ku Southern Rhodesia kukafuna ndalama ya msonkho ndi ya bulangeti. Adalonjeza kuti akakhala zaka ziwiri zokha. Makalata adabwera atatu, pamodzi ndi kandalama ndi nsalu imodzi, kenako zii. Adasanduka mtchona. Agogo anga aakazi adamwalira ine ndili ku sekondale, ndipo masiku onsewo sindidawamvepo akunena kuti amuna awo ali ku Salisbury kapena ku Bulawayo. Iwo ankangoti, "Adapita pa Chipoka," ngati kuti dziko limathera pamenepo. Choncho nditavomera kuperekeza mlendoyo ndidatenganso mwana wanga wamkazi wa Fomu 3, kuti naye akaponde pamene padathera dziko la agogo anga.

Loweruka m'mawa tidakwera Sienta pa Kamuzu Road. Dalaivala atangoliza injini mudamveka mawu a mayi akulankhula chinenero cha ku Japan, monga zimachitira galimoto zambiri zogula zitagwirapo kale ntchitozi. Mlendo wathu adaseka mpaka misozi. Dalaivala adati iye ankayesa kuti mayiyo amamupatsa moni, moti masiku ena ankamuyankha kuti wadzuka bwino. Mlendoyo adamasulira kuti mawuwo akungodandaula kuti khadi lolipirira pa zipata za m'misewu ya ku Japan silidalowetsedwe. Tonse tidaseka, koma ine ndidatsala ndi maganizo. Galimoto imeneyo idakwezedwa m'sitima pa doko lina la ku Japan, nkutsitsidwa ku Dar es Salaam, nkuyenda pamsewu kudzera pa Songwe mpaka kufika ku Salima. Ulendo wonsewo doko lathu silidaione n'komwe. Katundu wa masiku ano amalambalala Chipoka.

Kale sizidali choncho. M'chaka cha 1935 padachitika zinthu ziwiri zimene zidabereka Chipoka. Choyamba, mlatho wa Dona Ana, wotalika makilomita oposa atatu ndi theka, udatsegulidwa pa mtsinje wa Zambezi, kotero kuti sitima idayamba kuyenda kuchoka ku Beira mpaka ku Blantyre popanda kutsitsa katundu m'mabwato. Chachiwiri, njanji yochoka ku Blantyre kulowera kumpoto idafika ku Salima. Atsamunda ankalingalira zoti njanjiyo ikathere ku Domira Bay, koma idaima pa Salima, ndipo pa Chipoka, pamene njanji imadutsa m'mphepete mwenimweni mwa madzi, ndi pamene padasanduka pokumanira sitima ya pamtunda ndi ya pamadzi. Kuyambira apo thumba la mpunga wa ku Karonga linkayenda pamadzi mpaka pa Chipoka nkukwera njanji, pamene mchere, palafini, nsalu ndi malata zinkatsika m'njanjimo nkulowera kumpoto.

Ngakhale Ilala, imene ambiri timaiona ngati idabadwira m'nyanja momwemo, idafika ngati katundu. Idapangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Glasgow m'dziko la Scotland mu 1949. Adaitumiza zidutswazidutswa ku Beira, ndipo zidutswazo zidadza pa njanji yomweyi mpaka kunyanja. Idayamba ntchito mu 1951, kulowa m'malo mwa Vipya imene idamira pa 30 Julaye 1946 kufupi ndi Chitimba, nkupha anthu 145. Kwa zaka zambiri munthu wa ku Chilumba, ku Usisya, ku Nkhata Bay kaya ku Likoma ankatsikira pa Chipoka nkukwera sitima ya ku Limbe. Amene ankapitirira ankaoloka Zambezi, nkukasintha pa Dondo kufupi ndi Beira, nkudzera ku Umtali, kumene lero timati ku Mutare, mpaka ku Salisbury. Njira imeneyi ndi imene idameza agogo anga.

Kuchoka pa Salima kufika pa Chipoka sakwana makilomita 30. Tidatsika dzuwa litayamba kuswa mtengo. Chidatilandira ndi fungo la usipa wouma pa thandala, ndi mfuu ya amayi ogulitsa mango. Tidatsata njanji chapansi. Pakati pa zitsulo padali patamera udzu, ndipo mbuzi zidagona mumthunzi wa siteshoni zikubzikula mosatekeseka, ngati zodziwa kuti palibe chizidzutse. Mwana wanga adagwira chitsulo cha njanji nkuchotsa dzanja msanga, poti chidali chotentha ngati chiwaya. Pa chipata cha doko mlonda adatilonjera mwaulemu.

"Pepani bwana, muno ndi malo a ntchito, si oonerera. Koma mukatsikira kumchengako muona zonse."

Adanena zoona. Titaima pamchenga tidaona khoma la konkire lolowa m'nyanja, mashedi otseka, ndi chimakina chachitali chonyamulira makontena chitangoima njo ngati nyamalikiti yosowa masamba. Sitima padalibe. M'munsi mwa khomalo ana ankadumphira m'madzi, amayi akutsuka mapoto, mabwato atagona chafufumimba kudikira usiku. Kutsidya kunkaoneka mapiri a kwa Nankumba, kumene kuli Cape Maclear, kumene Ilala yoyamba ija ya amishoni a ku Scotland idakocheza mu 1875. Mlendo wathu sadafulumire kujambula. Adangokhala duu kwa kanthawi, kenako adafunsa kuti chimakina chachikulu chotere chidafika bwanji pamalo a phee ngati amenewa.

Yankho lake ndi nkhondo. M'zaka za m'ma 1980 nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique idatseka njanji za ku Beira ndi ku Nacala, ndipo katundu wa dziko lino adayamba kuzungulira ulendo wautali wa ku Durban, mitengo ya zinthu nkukwera. Boma lidatembenukira kumpoto. Lidakonza zoti katundu azichoka ku Dar es Salaam pa njanji ya TAZARA mpaka ku Mbeya, nkutsika pamsewu kufika ku Chilumba, nkuyenda pamadzi kufika pa Chipoka, pamene njanji inkamudikira. Madoko awiriwa adawakonza mwatsopano, ndipo Chipoka adaoneka ngati wabadwanso. Koma mu 1992 ku Mozambique kudabwera mtendere ndipo njira zakale zidayamba kutseguka. Msewu wa m'mbali mwa nyanja utaikidwa phula, mathiraki adalanda katundu. Chilala cha m'zaka za m'ma 1990 chidatsitsa madzi a m'nyanja, mchenga wokokoloka ndi mitsinje nkumadzaza pamene sitima zinkakocheza. Doko silifa tsiku limodzi ngati munthu woombedwa ndi mphenzi. Limafa ngati mtengo wogwidwa ndi chiswe, kunja ukuoneka uli chiimire.

Chapatali pang'ono, pansi pa mtengo, padakhala nkhalamba ikusoka ukonde. Tidapita kukaipatsa moni, mwana wanga nkugwada, mlendo uja nkugwadanso monga adaphunzitsidwira. Agogowo adakondwa kumva Chichewa cha mlendoyo moti adaika ukonde pambali. Adatiuza kuti adayamba kunyamula katundu padokopo ali mnyamata wosamera ndevu, njanji ikadali m'manja mwa Nyasaland Railways, ndipo adapitiriza mpaka nthawi ya Malawi Railways.

"Tsiku la Ilala, ana inu, pano sipadali pogwetsa singano," adatero. "Ikangoliza lipenga kunyanjako mudzi wonse unkadzuka, kaya ndi pakati pa usiku. Amayi ndi mpunga wophika, nthochi, mandasi, tiyi m'maketulo. Ukayenda kuchoka apa kufika pa siteshoni unkamva Chitonga, Chitumbuka, Chinkhonde, Chiyao, Chiswahili. Obwera ku migodi ankatsika sitima atavala zipewa ndi majasi dzuwa likutentha, ali ndi masutikesi achitsulo, njinga, makina osokera, ena galamafoni. Ife tinkanyamula zonsezo pamutu kukakweza m'maboti. Opita ndiwo analibe katundu. Kamphasa, kabulangeti, ndi kamba wa chimanga chokazinga, basi."

Apa mtima wanga udagunda. Ndidawafotokozera za agogo anga monga ndidamvera: munthu wamtali, wa mpata m'mano, wochokera m'mudzi wa m'mbali mwa nyanja yomweyi. Ndidafunsa ngati angamukumbukire. Adandiyang'ana mwachifundo nkupukusa mutu.

"Mwana wanga, anthu amene adapita pano ndi ochuluka ngati usipa. Ife timakumbukira obwera, chifukwa ankatipatsa ndudu ndi shereni. Opitawo ankalira okha ndi azikazi awo. Ife tinkayang'ana kumbali kuti tisawachititse manyazi."

Sindidapeze agogo anga, koma kwa nthawi yoyamba ndidawaona: mnyamata wonyamula kamphasa, mkazi ali pambali mwana kumsana, anyamata onyamula katundu akuyang'ana kumbali. Mwana wanga, amene nthawi yonseyi ankalemba m'kope, adadzutsa mutu.

"Agogo, kodi zimene mukunenazi zidalembedwa pena pake?"

"Zidalembedwa muno," adayankha akuloza mutu wawo wa imvi mbuu. "Ndipo chiswe chayamba kale kudya."

Masana tidagula utaka wootcha ndi chinangwa nkudyera pamodzi pansi pa mtengo womwewo. Agogowo ndiwo adatembenuza nkhani. "Nanga inu mama, doko la kwanuko n'lotani?"

Mlendoyo adafotokoza pang'onopang'ono, ine nkumathandizira pamene Chichewa chamuthawa. Sitima za Apwitikizi zidayamba kukocheza ku Nagasaki mu 1571. Awa ndi Apwitikizi omwewo amene pa nthawiyo adali atakhazikika kale ku Sena ndi ku Tete m'mbali mwa Zambezi. Mu 1579 wansembe wina wotchedwa Alessandro Valignano adafika ku Japan ndi munthu wakuda, amene olemba mbiri ambiri amati adachokera ku Mozambique. Ku Japan adamutcha Yasuke, ndipo adatumikira mtsogoleri wamphamvu Oda Nobunaga. Agogo aja atamva zimenezi adawomba m'manja nkunena kuti, "Ndiye kuti utchona udayamba kale!"

Pambuyo pake olamulira a ku Japan adatseka dziko lawo poopa chipembedzo ndi mfuti za azungu. Kwa azungu adangosiya kakhomo kamodzi, kachilumba kochita kupanga ndi manja ku Nagasaki kotchedwa Dejima. Kuyambira mu 1641 amalonda a ku Netherlands ankakhala pamenepo, ndipo kwa zaka zoposa 200 mabuku, mankhwala ndi nzeru za ku Ulaya zinkalowera pa kachilumbako. Dziko litatsegukanso, Dejima adatha ntchito. Anthu adakwirira madzi ozungulira kuti akuze doko, moti pofika mu 1904 chilumba chija chidangosanduka mbali ya mzinda, nyumba ndi misewu nkumera pamwamba pake.

"Ndiye kuti nalonso lidafa ngati lathuli," adatero agogo.

"Lidafa, agogo. Koma mzinda udagulanso malowo pang'onopang'ono, ndipo kuyambira m'chaka cha 2000 nyumba za amalonda aja zakhala zikumangidwanso monga zidalili. Ana a sukulu amabwera m'mabasi, aliyense ndi kope lake ngati mwana uyu."

Adatiuzanso za pa 9 Ogasiti 1945, tsiku limene bomba la atomiki lidagwa pa mzindawo nkupha anthu oposa 70,000 chaka chisanathe. Amene adapulumuka, amene tsopano ndi nkhalamba, amaitanidwa m'masukulu kukasimba zimene adaona, ndipo mawu awo amajambulidwa chifukwa aliyense akudziwa kuti masiku awo atha.

Agogo aja adamvetsera mpaka kumapeto. Kenako adatola ukonde wawo nkuyamba kusoka, akulankhula osadzutsa mutu.

"Zimenezo n'zabwino, mama. Koma ife pano sitikufuna anthu odzaona manda. Tikufuna sitima. Adzukulu anga awiri ali ku Johannesburg, adapita pa basi. Pakadakhala ntchito pano bwenzi ali pano."

Padagwa bata. Mlendoyo adangoyankha motsitsa mawu kuti ku Nagasaki akadapangabe sitima mpaka lero ndipo doko likulandirabe alendo, kukumbukira sikudaimitse ntchito. Koma mawu a agogowo adandilowa ngati munga, ndipo ndakhala ndikuwasinkhasinkha kuyambira tsikulo. Munthu wanjala sadya mbiri. Ife ovala mataye tikhoza kufika Loweruka, kudandaula mokoma za dzimbiri ndi udzu, madzulo nkubwerera kwathu kumene kuli magetsi ndi malipiro a pamwezi. Amene amagona pa Chipoka amaona chimakina chija m'mawa uliwonse ngati nkhokwe yopanda chimanga.

Komabe sindikhulupirira kuti sitima ndi chikumbukiro n'zolimbana. Nyanja yathu ndi yotalika makilomita oposa 550, msewu umene Mulungu adatipatsa wopanda maenje ndiponso wosafuna phula. Sitima imodzi ya katundu imanyamula zimene zikadadzaza mathiraki ambirimbiri, amene amakumba misewu yathu ndi kumwa mafuta ogula ndi ndalama zakunja. Nanga ndani angalimbikire kuti doko lidzuke ngati ana akukula osadziwa kuti lidagwirapo ntchito? Mwana amene sadamvepo kuti mpunga wa ku Karonga unkafika ku Limbe osakhudza thayala, akadzakhala mkulu muofesi adzangoganiza za thiraki. Kuiwala ndi kumene kumakhomera msomali womaliza. Madzi saiwala khwawa, adatero akale, koma anthufe timaiwala.

Ndipo si Chipoka yekha. Mukapitirira kumpoto pa msewu womwewo wa M5 mufika ku Nkhotakota, doko lakale kuposa Chipoka. Kumeneko Jumbe woyamba, Salim bin Abdallah, adakhazikika m'zaka za m'ma 1840, ndipo zombo zake zinkaolotsa minyanga ndi akapolo kupita kutsidya, kumene ankayamba ulendo wapansi wa ku Kilwa. Kumeneko David Livingstone adakumana ndi Jumbe mu 1863, ndipo ku tchalitchi cha Anglican kudaikidwa Bishopu Chauncy Maples amene adamira m'nyanjayi mu 1895. Ana athu amaloweza zimenezi kuti akhoze mayeso, mayeso akatha nkuzisiya pa desiki. Anthu a ku Nagasaki sadabise tsiku lawo lowawitsa, adalisunga kuti ana alione ndi maso. Ifenso tili ndi amene adaolotsedwa ali m'magoli, ndi amene adapita okha atanyamula kamphasa. Onsewo adachokera pamchenga womwewu umene timayalapo nsalu pa Khirisimasi.

Sindikupempha nyumba yagalasi ya mamiliyoni. Chipinda chimodzi chikhoza kukwana, chokhala ndi zithunzi za Ilala, Mpasa, Mtendere ndi Chauncy Maples, sutikesi imodzi yachitsulo, nyali ya woyang'anira siteshoni, ndi mawu a nkhalamba ngati imene tidacheza nayo, ojambulidwa pa foni wamba chiswe chisanamalize ntchito yake. Chikwangwani chimodzi m'mbali mwa msewu chikhoza kuimitsa galimoto imodzi mwa khumi. Mphunzitsi wa mbiri akhoza kutenga ana ake Lachisanu nkukawaimika pamene njanji imaonana ndi madzi. Ndipo ife olembafe, amene timadandaula kuti nkhani zatha mpaka kumangolemba za chikondi cha m'tauni, tili ndi ngongole pamenepa. Nkhani zili pansi pa mitengo zikusoka maukonde, ndipo sizidikira mpaka kalekale.

Tisanatsazike, mwana wanga adatsegula tsamba latsopano nkulemba pamwamba pake kuti "Amene adapita pa Chipoka." Adandifunsa dzina la agogo anga nkulilemba poyamba. Agogo aja, amene adati sakumbukira opita, adakhala chete kanthawi, kenako adatchula maina atatu: mkulu wawo, msuweni wawo, ndi mnzawo amene ankanyamula naye katundu, yemwe tsiku lina adakweza sutikesi ya munthu m'sitima nayenso osatsikamo. Mayi wogulitsa utaka adawonjezera amalume ake. Pobwerera, dalaivala wa galimoto ina adatipatsa dzina la agogo ake a ku Likoma. Mlendo wathu adabwerera kwawo chaka chotsatira, koma kopelo lidatsala, ndipo tsopano ladzaza masamba anayi, poti anzake a mwana wanga ku sukulu amabwera ndi maina ochokera kwa makolo awo. Palibe buku la boma limene lili ndi maina amenewa pamodzi. Ngati kwanu kuli wina amene adapita pa Chipoka osabwerera, dziwani kuti m'kopemo malo akadalimo.